Makuponi, kashi, ngongole kapena manyowa: mlimi wa ku Zomba adalire chiti?

Mwezi wa Okutobala ukangolowa, kaya ndi pamsika wa Thondwe, pa Jali, pa Mayaka kapena pa Songani, funso limakhala limodzi: maina a olandira feteleza wa sabuside atuluka? Amene lake latuluka amayamba kusakasaka ndalama yowombolera. Amene lake mulibe amayamba kufunsa kuti walifufuta ndani. Koma gulu lalikulu ndi la anthu amene sakudziwa n'komwe ngati alimo kapena mulibe, ndipo amangodikira mpaka mitambo itayamba kuda kuphiri. Ndikulembera gulu limeneli. Kudikira chosadziwa n'komwe kumatilanda zokolola, chifukwa masabata amene munthu akanakonza njira ina amathera pa "tiona mawa".

Njira zodyetsera chimanga zomwe mlimi wamba kuno angazifikire ndi zinayi: feteleza wa sabuside wa boma, kugula ndi ndalama zako kusitolo, kutenga pangongole, ndi manyowa pamodzi ndi mbewu zobwezeretsa chonde. Palibe yaulere, ngakhale ija imaoneka ngati mphatso.

Miyeso yomwe tigwiritse ntchito

Woyamba ndi mtengo, koma mtengo wonse: ndalama ya thumba, ya kabaza wonyamula, masiku omwe mwataya pamzere m'malo mokhala kumunda, ndi chiwongoladzanja ngati chilipo.

Wachiwiri ndi kapezekedwe, ndipo apa chachikulu ndi tsiku. Feteleza wokulitsa amafunika kulowa m'nthaka pobzala kapena pasanathe sabata chimanga chitamera. Wobereketsa, yureya uja, amathiridwa chimanga chikatha masabata atatu kapena anayi. Kuno mvula yobzalira kawirikawiri imagwa cha pakati pa Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala. Thumba la wokulitsa lofika mu Januwale, chimanga chitayamba kale chikasu, silingabweze zomwe zatayika ngakhale mutaligula motchipa chotani.

Wachitatu ndi ntchito yomwe njirayo imakusiyirani: kusunga, kubweza, misonkhano, thukuta.

Wachinayi ndi chiopsezo, ndipo pamenepa ndikuikapo funso lomwe kwa ine likuposa ena onse: ndi zingati zomwe mungazione ndi maso anu musanaike mtima panjirayo? Mndandanda mwauona? Mtengo walembedwa? Tsiku lanenedwa? Lisiti mupatsidwa? Zikalakwika mukadandaula kwa ndani? Njira yotchipa koma yobisika ikhoza kukubwezani chimanjamanja, pamene yodula koma yochitikira poyera imakulolani kuwerengera.

Kuti tizikamba chimodzi: pa kabzalidwe ka Sasakawa komwe alangizi amalimbikitsa, mizere yotalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi paphando, thumba limodzi la wokulitsa ndi limodzi la wobereketsa, a makilogalamu 50, amakwana munda wa pafupifupi ekala imodzi. Kuwamwaza pa maekala awiri n'kudzinamiza.

Njira yoyamba: sabuside ya boma

Thandizoli lasinthasintha maina. Linali Starter Pack mu 1998 nthawi ya a Bakili Muluzi, linakhala FISP ya makuponi mu 2005 nthawi ya a Bingu wa Mutharika, linakhala AIP mu 2020 nthawi ya a Lazarus Chakwera, ndipo mu 2025 boma la a Peter Mutharika linabwezeretsa dzina la FISP. Makuponi apepala anatha, masiku ano munthu amawombola ndi chiphaso cha unzika.

*Mtengo.* Palibe njira ina yofika apa. Mu 2020 mlimi ankawombola thumba pa K4,495, mu 2021 pa K7,500, kuyambira 2022 pa K15,000, ndipo mu 2025 boma linalengeza K10,000, pomwe thumba lomwelo kusitolo linali litadutsa kale K100,000. Ndalama yapamwambayo imachokera kumsonkho wathu tomwe. Si mphatso ya phungu kapena ya mfumu, ndipo palibe amene muyenera kukamuthokoza ndi nkhuku. Mtengo wolengezedwa ndiwo mtengo wonse. Wina akati muikepo kangachepe kuti chiphaso chanu chikhale pamwamba, chimenecho n'chiphuphu. Zowonjezera zomwe muyenera kuwerengera ndi za ulendo basi: kabaza wochokera kudepoti, ndi maulendo omwe mungabwerere osagula.

*Kapezekedwe.* Apa mpomwe pagona nkhani. Mu 2020 pulogalamuyi inali ndi alimi pafupifupi 3.7 miliyoni m'dziko lonse. Mu 2022 anatsika kufika pa 2.5 miliyoni, mu 2023 pa 1.5 miliyoni, mu 2024 pa 1.1 miliyoni kapena kucheperako pang'ono. Tanthauzo lake n'lakuti ngakhale pasapezeke wakuba ndi mmodzi yemwe, mabanja ambiri a m'mudzi mwanu sakhalamo. Zaka zaposachedwapa boma lakhalanso likunena kuti sabuside ndi ya alimi okhala ndi malo komanso mphamvu zolimira, ndipo ovutikitsitsa azithandizidwa kudzera mu Mtukula Pakhomo ndi ntchito zachitukuko. Koma ndi m'midzi ingati momwe izi zinawerengedwa pabwalo, anthu onse akumva? Ambiri amangoona dzina lomwe linalipo chaka chatha lasowa, ndipo mkwiyo wonse umagwera a mfumu ndi mlangizi, nthawi zina popanda chifukwa. Kubisa kumapweteka olungama omwe.

Dzina kutuluka sikutha kwa ulendo. Amene anakhalapo pamzere wa padepoti amadziwa: amayi atayala zitenje pakhonde kuyambira usiku, chiphaso chokutidwa m'kapepala ka shuga chili pachifuwa, dzuwa likamakwera kalaliki n'kutuluka kudzanena kuti netiweki yagwa, kapena kuti wokulitsa watha, watsala yureya yekha. Chapambali pamakhala anyamata awiri atatu ataimika njinga zamoto, m'thumba muli mulu wa ziphaso za eni. Pamzere saimapo, koma matumba awo amatuluka.

*Ntchito yotsatira.* Chiphaso chikhale m'manja mwanu ndipo dzina lofanana ndi lomwe linalembedwa kwa alangizi. Dziwani ofesi ya zaulimi ya dera lanu, kaya ndi Malosa, Nsondole, Thondwe, Dzaone, Mpokwa, Likangala, Chingale, Masaula kapena Ngwelero, ndipo musaphonye msonkhano wotsimikizira maina. Ndalama yowombolera ikhale pambali mvula isanayambe, chifukwa lole ikatsitsa katundu sachedwa kutha. Ndipo chaka chamawa zonse zimayambiranso, palibe amene dzina lake linakhomedwa ndi msomali.

Pali nkhani ya kugawana. M'midzi yambiri thumba limodzi limang'ambidwa n'kugawidwa ndi ndowa pakati pa mabanja awiri kapena atatu. Ine sindiunyoza mwambo umenewu, ndi umunthu, ndipo wapulumutsa midzi ku udani. Koma uzichitika pogwirizana pabwalo, mwini dzina atavomera, osati kulandidwa panjira. Ndipo amene walandira ndowa imodzi aithire pa kachigawo kochepa pamlingo woyenera, osati kudontheza munda wonse.

*Chiopsezo.* Chilipo pamwamba, chiliponso pansi. Pamwamba tonse tikukumbukira za 2022, pamene K750 miliyoni inalipiridwa ku kampani ya ku UK yomwe inapezeka kuti ntchito yake ndi yogulitsa nyama, ndipo nduna ya zaulimi ya nthawiyo, a Lobin Lowe, anachotsedwa pampando mu Okutobala chaka chomwecho. Nyengo imeneyo alimi ambiri analandira feteleza mochedwa. Zoterezi mlimi wa ku Chingale sangazione zikubwera. Pansi pali maina a anthu osakhalako, maina a banja limodzi obwerezedwa, ndi mavenda ogula ziphaso kwa anthu omwe njala yawapanikiza mu Novembala. Kugulitsa chiphaso kumaoneka ngati kupuma lero, koma ndalamayo imatha sabata imodzi pomwe wogulayo akagulitsa matumba anu pamtengo wa kusitolo. N'kulakwanso pamaso pa lamulo.

Komabe zapansizi n'zomwe mudzi ungazitchinge ukafuna. Pali zinthu zomwe muli ndi ufulu wofunsa mosagwada: mudzi wathu wapatsidwa malo angati chaka chino? Anthu asankhidwa potengera chiyani? Mndandanda waikidwa pati kuti aliyense awerenge? Depoti yathu ndi iti, yalandira matumba angati? Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza zomwe maofesi a boma akusunga linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, ndipo nkhani ya ndalama za boma zogulira feteleza si chinsinsi cha m'nyumba mwa munthu. Funso lolembedwa pakalata, lochokera ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi kapena ku kalabu ya alimi, lopita ku ofesi ya zaulimi ya khonsolo, limalemera kuposa kudandaula kwa munthu mmodzi pamsika. Sungani kope lake. Za ziphuphu, bungwe la ACB lili ndi ofesi mumzinda wa Zomba momwemuno, ndipo ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo okhudza maofesi a boma osachita chilungamo. Powombola, onetsetsani kuti chiphaso chanu chawerengedwa inu muli pomwepo, ndipo tengani lisiti.

Chigamulo changa panjirayi n'chakuti ikapezeka itengeni, palibe yoiposa pamtengo. Koma akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Thumba lisanalowe m'nyumba, musaliwerengere.

Njira yachiwiri: kugula ndi kashi

*Mtengo.* Ndi wowawa. Thumba lomwe mu 2020 linkagulidwa cha m'ma K20,000 linadutsa K100,000 pofika 2025. Feteleza wathu wambiri amachokera kunja, kudzera kumadoko a Beira ndi Nacala, ndipo amagulidwa ndi madola. Ndiye kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo m'masitolo inakwera nayo limodzi. Musanagule werengerani motere: mtengo wa matumba awiri muugawe ndi mtengo wa thumba la chimanga nthawi yokolola, osati wa mu Febuluwale. Tingoyerekeza kuti feteleza ali pa K150,000 thumba ndipo chimanga chili pa K40,000. Ndiye kuti ekala yanu iyenera kutulutsa matumba asanu ndi atatu owonjezera pa omwe ikanatulutsa popanda feteleza kuti mungobweza ndalama yanu. Munda wobzalidwa ndi mvula yoyamba, mbewu yabwino, wopaliridwa kawiri, ukhoza kutero. Munda wodzala kaufiti kapena wobzalidwa pa Khirisimasi sungathe.

*Kapezekedwe.* Ubwino wake wagona apa: tsiku mumasankha nokha. M'tauni ya Zomba ndi m'misika ikuluikulu masitolo a zipangizo zaulimi alipo, ndipo feteleza amapezekanso m'matumba ang'onoang'ono kwa amene sangakwanitse la 50. Nthawi yabwino yogula ndi pamene mwagulitsa nandolo kapena mtedza, cha mu Ogasiti ndi Seputembala, mitengo isanatenthe ndi mvula. Alimi angapo akasonkha n'kugula pamodzi amapulumutsa ya mayendedwe.

*Ntchito yotsatira.* Kusunga basi. Yureya amakoka chinyezi n'kuuma gwa, choncho thumba likhale pamatabwa, lotalikirana ndi khoma, lomangidwa bwino, pomwe denga silidontha. Yesero lina ndi la m'nyumba momwemo: matenda kapena fizi zikafika, thumba lija limayamba kuoneka ngati ndalama.

*Chiopsezo.* Feteleza wosakaniza ndi mchenga, thumba lopungulidwa n'kusokedwanso, mbewu yomwe ndi chimanga wamba chopakidwa utoto. Izi zimachuluka kwa ogulitsa ndi mbale pamsika. Yang'anani msoko wa thumba, liyezetseni pasikelo mukuona, ndipo funsani lisiti lokhala ndi dzina la sitolo. Yureya ndi wosavuta kumuyesa: tapaniko pang'ono m'kapu ya madzi, weniweni amasungunuka yense, mchenga umatsala pansi. Wina akakunong'onezani za thumba lotchipa kuseri kwa golosale m'nyengo ya sabuside, dziwani kuti mwina ndi thumba la mayi uja wagona padepoti. Kuligula n'kudyetsa katangale yemweyo amene akusowetsa dzina lanu.

Njira yachitatu: ngongole

Ngongole ili ndi nkhope zingapo ndipo si zofanana. Pali mabungwe obweretsa feteleza ndi mbewu pafupi ndi mudzi n'kumabweza pang'onopang'ono, monga One Acre Fund yomwe yagwira ntchito m'boma lino kwa zaka zambiri. Pali ngongole za boma, monga ya feteleza yomwe bungwe lobwereketsa ndalama la NEEF linkapereka m'nyengo ya 2024. Pali banki m'khonde. Ndiye pali katapila ndi kugulitsiratu chimanga chili m'munda, zomwe sindiziika n'komwe pamuyeso: munthu wobweza kawiri zomwe anatenga amalimira mnzake.

*Mtengo.* Ngongole sitsitsa mtengo wa thumba, imangousuntha tsiku n'kuwonjezerapo. Mumalipira mtengo wa pamsika, kuphatikiza chiwongoladzanja kapena ndalama ya ntchito ya bungwelo. Funso loyenera si lakuti "ndiyambe ndi zingati" koma "pamapeto ndidzakhala nditapereka zingati zonse pamodzi". Ngati wolembetsa sakutha kukuuzani nambala imodzi yomveka n'kuilemba papepala, musasaine. Ku banki m'khonde chiwongoladzanja chimawerengedwa pamwezi, ndipo chimanga chimatenga miyezi inayi kapena isanu musanaonepo kanthu. Ngongole ya m'gulu imayenera geni yothamanga, monga mandasi kapena tomato, osati chimanga. Njira yabwino yogwiritsira ntchito banki m'khonde ndi ya masheya anu omwe: magulu ambiri amagawana mu Disembala chifukwa cha zisangalalo, koma gulu la alimi likhoza kugwirizana kugawana mu Seputembala kapena Okutobala kuti ndalamayo ipite kufeteleza popanda ngongole iliyonse.

*Kapezekedwe.* Mabungwe amalemba maina kukadali chilimwe, ndipo amene wadikira sabuside mpaka Novembala amapeza kaundula atatsekedwa. Safikanso mudzi uliwonse. Ngongole za boma zimafuna mafomu, gulu kapena chikole, ndipo zikhoza kutuluka mvula itapita patali.

*Ntchito yotsatira.* Ndi yambiri: misonkhano ya gulu, kubweza pang'onopang'ono m'miyezi yomwe m'nyumba mulibe ufa, kusunga uthenga uliwonse wa pafoni wotsimikiza kuti mwalipira. Musapatsire munthu ndalama yobweza popanda umboni, ngakhale ndi wapampando wa gulu. Mbali yabwino ndi yakuti mabungwe ena amaphunzitsanso kabzalidwe ndi kathiridwe, ndipo maphunzirowo amakhala anu ngongole itatha.

*Chiopsezo.* Mvula sisaina nawo fomu. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anakokolola minda kuno kum'mwera, ndipo chaka chotsatira ng'amba inachititsa boma kulengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28. M'zaka zoterezi ngongole imakhalabe chilili. Funsani musanatenge: mbewu ikapsa kapena kukokoloka, pali inshuwalansi? Imaphimba zingati, ndipo amagamula ndani? Ngati ndi ngongole ya gulu, mmodzi akalephera enanu mumalipira kapena kutsekeredwa chaka chamawa, choncho sankhani anzanu ndi mutu, osati ndi chibale. Chinanso, tsiku lomaliza kubweza likakhala pafupi ndi kukolola, mumakakamizika kugulitsa chimanga pamene chatchipitsitsa, n'kudzachigulanso chitakwera mu Januwale.

Pa kuonekera poyera, ngongole yabwino imaposa sabuside: mtengo umadziwika, tsiku limadziwika, pepala muli nalo. Ngongole yomwe ikubwera ndi mawu a ndale, yoti "tengani, sadzakufunsani", ithaweni. Boma limasintha koma kaundula wa ngongole amatsala.

Njira yachinayi: manyowa ndi mbewu zobwezeretsa chonde

*Mtengo.* Ndalama ndi yochepa, thukuta ndi lambiri. Manyowa a m'khola, a padzenje, a chimato ndi a changu amafuna mapesi, masamba, ndowe, phulusa ndi madzi. A Mbeya, omwe afala zaka zino, amafuna feteleza pang'ono: pafupifupi makilogalamu 10 osakaniza ndi madeya, ndowe zouma za mbuzi, nkhumba kapena nkhuku, phulusa losefa ndi madzi pang'ono, n'kumanga m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati kwa masiku 21. Milingo imasiyanako malinga ndi wophunzitsa, ndiye tsatani ya mlangizi kapena mlimi wachitsanzo wa kwanuko.

Pali mawu omwe amanenedwa kwambiri, akuti thumba limodzi limabala matumba asanu. Pasikelo n'zoona. Koma chakudya chobiriwitsa chimanga, nayitulojeni, sichiswana m'thumba. Thumba la yureya lili ndi makilogalamu 23 a chakudyachi. Mukatapamo makilogalamu 10 mwatenga osakwana asanu, ndipo ndowe ndi madeya zimangowonjezerapo pang'ono. Phindu lenileni la Mbeya n'lakuti feteleza wochepayo amafika paphando lililonse ali ndi zofewetsa nthaka komanso zosunga chinyezi. Ndi chithandizo chachikulu kwa amene ali ndi ndowa imodzi ya feteleza, koma musamuthire pamlingo wa kachitsekero ka botolo n'kumayembekeza zofanana ndi wa kusitolo.

*Kapezekedwe.* Zonse zili pakhomo, ngati muli ndi ziweto. Vuto la kuno n'lakuti malo ndi ochepa ndipo mabanja ambiri ali ndi nkhuku zowerengeka basi, choncho ndowe zokwana ekala sizipezeka, ndipo madeya timalimbirana ndi nkhumba komanso ndi mphika womwe m'chaka cha njala. Nandolo ndiye mwayi wathu anthu a ku Zomba, timamudziwa kuyambira kale. Mizu yake imapita pansi, masamba ake akayoyoka amadyetsa nthaka, ndipo mtedza ndi soya zimathandizanso mukamasinthanitsa ndi chimanga. Pa malo ofufuzira zaulimi a Makoka, pafupi ndi Thondwe, akatswiri akhala akubzala chimanga pakati pa mitengo ya gliricidia kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo zinaoneka kuti masamba ake okwiriridwa m'mizere amakweza zokolola, makamaka pophatikiza ndi feteleza wochepa.

*Ntchito yotsatira.* Njira iyi imayamba mukangokolola, osati mvula ikagunda. Mapesi asatenthedwe, mulu uzitembenuzidwa ndi kuthiridwa madzi, manyowa anyamulidwe pamutu kapena panjinga mpaka kumunda. Gliricidia amafuna kudulidwa kangapo panyengo kuti asaphimbe chimanga, ndipo phindu lake limayamba kuoneka pakatha zaka ziwiri kapena zitatu.

*Chiopsezo.* Manyowa osapsa amatentha mbewu ndipo amabweretsa udzu. Chaka choyamba pamunda woguga zokolola sizidumpha. Mbuzi zomasulidwa m'chilimwe zimadya nandolo asanakhwime. Mtengo wa nandolo nawo umadalira msika wa ku India: pamene dzikolo linachepetsa kugula kunja mu 2017, mitengo kuno inagwa kwambiri. Koma panjira iyi palibe mndandanda woti wina akufufuteni, ndipo chilichonse cholowa m'munda mwachiona ndi maso anu.

Ndiye ndani atenge chiti?

Ngati dzina lanu mwaliona nokha pamndandanda, osati kungomva, ikani pambali ndalama yowombolera ndi ya kabaza, pitani kudepoti katundu akangofika, ndipo matumba awiriwo athireni pa ekala imodzi yabwino kwambiri. Kotsalako kukhale kwa nandolo, mtedza, chinangwa kapena mbatata. Konzanibe manyowa oti mubzalire, kuti wokulitsa akachedwa chimanga chisayambe ndi njala.

Ngati Okutobala wafika pakati musanadziwe ngati mulimo, yambani kuchita ngati mulibe. Gulani makilogalamu 10 kapena 20, pangani Mbeya kuti masiku 21 athe mvula isanagwe, ndipo pitirizani kufunsa za mndandanda limodzi ndi anzanu. Dzina likadzatuluka, matumbawo adzapeza ntchito.

Ngati muli ndi nandolo, mtedza kapena mbuzi yogulitsa, kapena muli mu banki m'khonde yomwe ingagawane msanga, gulani ndi kashi mu Ogasiti kapena Seputembala. Ndalama ikangokwana thumba limodzi, ambiri amapindula pobzalira manyowa okupsa bwino n'kugula yureya wobereketsa.

Ngati muli pantchito ya malipiro m'tauni, mphunzitsi, namwino kapena msilikali, koma muli ndi munda kumudzi, sabuside siyanu. Gulani thumba mwezi uno, lina mwezi wamawa, ndipo malo a pamndandanda asiyireni amene alibe pogwira.

Ngongole imayenera munthu wa munda wosachepera ekala, wokhala ndi manja okwana kupalira panthawi yake, komanso kageni kena kobwezera mvula ikavuta. Amene chimanga chake chimatha Disembala asanafike, ngongole ya matumba awiri ikhoza kumulanda ndi chochepa chomwecho.

Okhala m'zigwa za kunyanja ya Chilwa ndi m'mbali mwa Likangala, komwe madzi amadikha m'munda, musaike feteleza wodula kapena wa ngongole yense pa chimanga cha mvula. Yureya amapita ndi madzi. Gawo lina lisungireni mpunga kapena chimanga cha kudimba, komwe madzi mumawalamulira nokha.

Agogo, odwala ndi amasiye osamala ana, omwe mphamvu zolimira ekala palibe, afunse ku komiti ya m'mudzi za kaundula wa Mtukula Pakhomo, alime kachigawo ka pafupi ndi nyumba ndi manyowa a nkhuku ndi phulusa, ndipo dzina lawo likatuluka pa sabuside, wachibale wodalirika awaperekeze kudepoti chiphaso chili m'manja mwa eni ake.